Mafunso ndi Mayankho: Kuphunzira Kaumbidwe ka Ziganizo za Chitagalogi

Tsamba ili ndi la olankhula Chichewa amene ayamba, kapena akufuna kuyamba, kuphunzira Chitagalogi, chinenero cha ku Philippines. Ena mumagwira ntchito limodzi ndi Afilipino m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ku Britain, ena mumapemphera nawo, ena mwalowa m'banja la kumeneko, ena mukupita kukachita sukulu ku Manila. Mabuku ambiri ophunzitsa chinenerochi analembedwa poganizira munthu wolankhula Chingelezi. N'chifukwa chake amathera masamba pa zinthu zimene kwa ife n'zapafupi, n'kudutsa mothamanga pamene ifeyo timapunthwa. Mayankho ali m'munsimu akuyambira ku Chichewa.

Kodi Chitagalogi ndi Chifilipino n'chinthu chimodzi?

Pa nkhani ya galamala, inde. Chitagalogi kwawo ndi ku Manila ndi zigawo zozungulira monga Bulacan, Cavite, Laguna ndi Batangas. Mu 1937, Pulezidenti Manuel L. Quezon analengeza kuti chinenero cha dziko chimangidwe pa Chitagalogi. Mu 1959 anachitcha Pilipino, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1987 amachitcha Filipino, n'kuchiika limodzi ndi Chingelezi ngati chinenero cha boma. Mukaphunzira Chitagalogi cha ku Manila, ndiye kuti Chifilipino mwaphunziranso.

Koma musaganize kuti Mfilipino aliyense anayamwa Chitagalogi. Dzikolo lili ndi zinenero zoposa 100. Mnzanu wa ku Cebu kapena ku Davao kunyumba kwake mwina amalankhula Chisebuano, wa kumpoto kwa chilumba cha Luzon Chiiloko. Mufunseni kaye kwawo. Amayamikira, monga mmene Mtumbuka kapena Myao amayamikirira mlendo wodziwa kuti ku Malawi kulibe chinenero chimodzi chokha.

Chinenerochi chili m'banja la zinenero za Austronesia, limodzi ndi Chimalaya komanso Chimalagase cha ku Madagascar. Ubalewu umamveka powerenga: *pito* ndi *walo*, kutanthauza 7 ndi 8, ku Madagascar amati *fito* ndi *valo*.

Katchulidwe kake n'kovuta?

Apa tili ndi mwayi. Malembo a liwu ndi asanu omwe aja, a, e, i, o, u, ndipo mawu amawerengedwa mmene alembedwera. Lembo lawo la *ng* ndi ng' wathu wa mu "ng'ombe". Azungu amavutika miyezi kuti atchule *ngayon*, "tsopano", kapena *ngipin*, "dzino", pamene inu mutchula tsiku loyamba. Ng wa mu "ngoma" iwo amalemba *ngg*, monga mu *mangga*. Nawonso *p*, *t* ndi *k* satulutsa mpweya: ndi p wa mu "pita", osati ph wa mu "phiri".

Misampha yathu ilipo itatu. Woyamba, ife mawu onse timawamaliza ndi lembo la liwu, ndiye lilime limafuna kunena "salamati" m'malo mwa *salamat* (zikomo), "anaki" m'malo mwa *anak* (mwana). Liletseni. Wachiwiri ndi l ndi r, amene kwa ife ndi pachibale koma kwa iwo amasiyanitsa mawu: *para* ndi mawu oimitsira jipi (minibasi ya kumeneko) kuti mutsike, *pala* ndi "kani". Wachitatu ndi kutsindika phatikizo ndiponso kudula liwu pakhosi kumapeto kwa mawu. *Búkas* ndi "mawa", *bukás* ndi "chotsegula". *Bása* ndi "kuwerenga", *basâ* ndi "chonyowa". Zizindikiro zimenezi mumazipeza m'madikishonale okha, m'nyuzipepala ndi pa foni salemba. Choncho mawu atsopano muziwamva kaye musanawaloweze. Khutu lozolowera kusiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika silichedwa kugwira.

N'chifukwa chiyani ziganizo zake zimaoneka ngati zagadabuzika?

Chifukwa zimayamba ndi zimene mukunena, kenako n'kutchula amene mukumunenayo. Ife timati "Mwana wadya". Iwo amati *Kumain ang bata*, "wadya mwana". N'chimodzimodzi pamene palibe mneni: *Maganda ang bahay*, "yokongola nyumba", ndiye kuti nyumbayo ndi yokongola. *Guro si Maria*, Maria ndi mphunzitsi. Mawu ofanana ndi "ndi" wathu mulibe.

Mudzaona ziganizo monga *Ang bata ay kumain*, n'kusangalala kuti mwapeza dongosolo lakwanu. Chenjerani. Kamawu ka *ay* sikatanthauza "ndi", kamangosonyeza kuti chiganizo chatembenuzidwa, ndipo kalankhulidwe kameneka n'ka m'mabuku, m'maulaliki ndi m'nkhani za pa wailesi. Mukamacheza nako pa tebulo mumamveka ngati mukuwerenga chikalata.

Nanga ang, ng ndi sa amagwira ntchito yanji?

Timawu titatu timeneti ndiye msana wa chiganizo. Pafupifupi dzina lililonse limabwera ndi kamodzi patsogolo pake kosonyeza udindo wake.

*Ang* amaloza dzina limene mneni wagwirizana nalo, limene chiganizo chatsamirapo. *Ng*, amene amatchulidwa "nang'", amaloza wochita kapena chochitidwa chimene sichinatenge *ang*, komanso amasonyeza umwini: *bahay ng guro*, nyumba ya mphunzitsi. *Sa* amagwira ntchito ya pa, ku, mu ndi kwa: *sa palengke*, kumsika. Pa mayina a anthu timawuti timasanduka *si*, *ni* ndi *kay*. Zinthu zikachuluka mumangoika *mga*, kutchula kwake "mang'a": *ang mga bata*, ana. Magulu a mayina kulibe, agwirizanitsi kulibe. Amene munavutika ndi mu-a, mu-mi ndi chi-zi ku pulayimale, apa mupumula.

Alowam'malo nawonso ali m'magulu atatu omwewa. "Ine" ndi *ako* m'gulu la ang, *ko* m'gulu la ng, *akin* m'gulu la sa. "Iwe" ndi *ikaw* kapena *ka*, kenako *mo* ndi *iyo*. "Iye" ndi *siya*, *niya*, *kaniya*. Muziwaloweza atatuatatu chonchi.

Cholakwika chofala n'kutenga *ang* ngati "the" wa Chingelezi, kapena ngati chizindikiro cha wochita. Onse awiri ndi mabodza, ndipo funso lotsatirali likusonyeza chifukwa chake.

Bwanji mneni mmodzi ali ndi maonekedwe ambirimbiri: bumili, binili, ibinili?

Mukamvetsa apa, Chitagalogi chatseguka. Mukapanda kumvetsa, mudzaloweza mawu masauzande koma osatha kuumba chiganizo.

Tsinde ndi *bili*, la kugula. Wolankhula amasankha kuti pa anthu ndi zinthu zimene zili m'nkhaniyo, ndani atenge *ang*. Akasankha, amaphatikiza pa tsinde kachidutswa kouza womvera udindo wa dzina limenelo.

*Bumili ng isda ang babae.* Mayiyo anagula nsomba. *Ang* ali pa wogula, ndiye mneni watenga *-um-*.

*Binili ng babae ang isda.* Mayi anaigula nsomba ija. *Ang* wasamukira pa nsomba, mneni watenga *-in-*, ndipo mayi uja tsopano ali ndi *ng*.

*Ibinili ng babae ng isda ang bata.* Mayi anamugulira mwanayo nsomba. *Ang* ali pa woguliridwa, mneni wawonjezera *i-* kumayambiriro.

Taonani kuti *-um-* ndi *-in-* alowa m'kati mwa tsinde, pambuyo pa lembo loyamba: b-um-ili, b-in-ili, s-um-ulat, s-in-ulat (tsinde *sulat*, la kulemba). Zimenezi n'zachilendo kwa ife, poti timaphatikiza kumayambiriro ndi kumapeto. Koma maganizo ake si achilendo ayi. Kuchokera pa "gula" timapanga gulira, gulitsa, gulidwa, gulika, ndipo msintho uliwonse umasuntha maudindo a mayina m'chiganizo. Wolankhula Chingelezi alibe chizolowezi chimenechi, ife tinabadwa nacho.

Tengani tsinde lina, *bigay*, la kupatsa. *Nagbigay ako ng pera sa bata*, ndinapereka ndalama kwa mwana. *Ibinigay ko ang pera sa bata*, ndalama zija ndinazipereka kwa mwana. *Binigyan ko ng pera ang bata*, mwana uja ndinamupatsa ndalama. Chochitika n'chimodzi, koma *ang* wayenda malo atatu, ndipo "ine" wasintha kuchoka pa *ako* kupita pa *ko*.

Mabuku ena akale amatcha *binili* msintho wochitidwa, ngati "idagulidwa". Kumeneko n'kusocheretsa. Msintho wochitidwa timaugwiritsa ntchito apo ndi apo, makamaka pobisa wochita. *Binili ko*, *kinain ko*, *nakita ko* ali pakamwa pa Afilipino tsiku lonse, ndipo wochita amakhala pomwepo. Muziwamasulira m'mutu kuti "ndachigula", "ndachidya", "ndachiona".

Ndingadziwe bwanji mtundu woyenera kusankha?

Lamulo lothandiza kwambiri n'lakuti chinthu chochitidwacho chikakhala chodziwika, chimene nonse awiri mukuchidziwa, chimatenga *ang*. *Kumain ako ng isda* ndi "ndadya nsomba", nsomba iliyonse. *Kinain ko ang isda* ndi "ndaidya nsomba ija". Paliponse pamene Chichewa chikufuna kuika -i-, -chi- kapena -mu- m'kati mwa mneni, kapena kuwonjezera "ija", "chija", yesani mtundu wachiwiriwu. Sizikwanira paliponse, koma zimakufikitsani patali.

Chachiwiri ndi mafunso. Chimene mukufunsacho ndicho chimalamula mneni. *Sino ang bumili ng isda?* Ndani wagula nsomba? *Ano ang binili mo?* Wagula chiyani? Simungasinthanitse. N'chimodzimodzi pofotokoza dzina: *ang batang bumili ng isda*, mwana amene anagula nsomba, koma *ang isdang binili ng bata*, nsomba imene mwana anagula.

Ndipo samalani ndi *ako* ndi *ko*. *Kinain ko ang isda*, nsomba ndaidya. *Kinain ako ng isda*, nsomba yandidya.

Wochita akatenga ang, ndi liti ndigwiritse -um- ndipo ndi liti mag-?

Lamulo lokwanira palibe, ndipo aliyense wokulonjezani lamulo lotere akukupusitsani. Tsinde lililonse lili ndi chizolowezi chake: *kumain* koma *magluto*, kuphika. Pali kanjira komwe kamathandiza pa matsinde otenga zonse ziwiri. *Lumabas* ndi kutuluka, *maglabas* ndi kutulutsa. *Umalis* ndi kuchoka, *mag-alis* ndi kuchotsa. *Tumayo* ndi kuimirira, *magtayo* ndi kuimika kapena kumanga. Kupitirira apa, muziloweza tsinde limodzi ndi zophatikiza zake. Musalembe *luto* yekha m'kope. Lembani *magluto*, *lutuin*, ndi chiganizo chimodzi cha aliyense.

Nthawi za aneni zimayenda bwanji?

Mneni wa Chitagalogi sanena kuti chinthu chinachitika liti. Amanena ngati chatha, chili m'kati, kapena sichinayambe. Chida chachikulu ndi kubwereza phatikizo loyamba la tsinde.

Pa *kain*: *kumain*, kudya kwatha, *kumakain*, kuli m'kati, *kakain*, sikunayambe. Pa *luto*: *nagluto*, *nagluluto*, *magluluto*. Pamene *ang* ali pa chakudya: *kinain*, *kinakain*, *kakainin*.

Tsono *kumakain* angakhale "ndikudya", "ndimadya" kapena "ndinkadya". Chimene chimasankha ndi mawu oyandikana nawo, monga *kahapon*, dzulo. *Kanina*, poyamba paja lero lomwe. *Mamaya*, nthawi ina lero lomwe. *Kumakain ako nang dumating siya*, ndinkadya pamene iye anafika. Poyerekeza ndi ndadya, ndinadya, ndinkadya, ndidya, ndidzadya, ndizidya, zitatu zawozi n'zochepa. Palinso kamtundu kena ka chinthu chimene changochitika kumene: *Kararating ko lang*, ndangofika kumene.

Kodi ali ndi misintho ngati wochititsa ndi wochitirana?

Ali nayo, ndipo mudzaikonda. *Pa-* ndi -ts- wathu: *pinakain ko ang bata*, mwana ndamudyetsa, *magpagupit*, kukametetsa. *Mag-* limodzi ndi *-an* ndi -an- wathu: *magtulungan*, kuthandizana, *nagmamahalan sila*, amakondana.

Umodzi wofunika kuusamala ndi wa *ma-* (amene amasanduka *na-* chinthu chikatha), wosonyeza kuti chinthu chachitika mosafuna kapena chatheka. *Binasag ko ang baso* ndiye kuti tambulayo mwaiswa dala. *Nabasag ko ang baso* ndiye kuti yakuswekerani. M'nyumba ya apongozi kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Na ndi -ng amene amangotulukira paliponse ndi a chiyani?

Ndi cholumikizira. Mawu awiri akakhala kuti limodzi likufotokoza linzake, pakati pamafunika mfundo. Mawu oyamba akathera ndi lembo la liwu, mumamatirira *-ng*: *maganda* ndi *umaga* amapanga *magandang umaga*, moni wa m'mawa. Akathera ndi lembo lopanda liwu mumaika *na*: *mabait na bata*, mwana wamakhalidwe abwino. Akathera ndi n mumangowonjezera g. Manambala amatsata zomwezo: *tatlong bata* koma *apat na bata*. Chimapezekanso mu *Gusto kong matuto*, ndikufuna kuphunzira, ndi mu *Wala akong pera*, ndilibe ndalama. Mukachiiwala anthu amamvabe, koma aliyense amadziwa kuti mwangoyamba kumene.

Timawu ting'onoting'ono monga na, pa, ba, daw, pala n'tofunika?

Kwambiri. Ndi timene timapatsa chiganizo kakomedwe, ndipo mabuku a Chingelezi amavutika kutimasulira pamene Chichewa chili nato kale. *Ba* ndi "kodi". *Daw* kapena *raw* ndi "akuti": *Aalis daw siya*, akuti achoka. *Pala* ndi "kani": *Ikaw pala!*, kani ndiwe! *Muna* ndi "kaye": *Kain muna tayo*, tidye kaye. *Din* kapena *rin* ndi -nso, *lang* ndi "chabe" kapena -ngo-, *pa* ndi -be, *na* ndi "kale" kapena "tsopano". *Naman* yekha ndiye alibe mnzake weniweni kwathu. Amafewetsa pempho, amasiyanitsa zinthu ziwiri, nthawi zina amadandaula. Ameneyu mumuphunzira ndi khutu.

Chovuta ndi malo ake. Timawuti timakhamukira pambuyo pa mawu oyamba a chiganizo, ndipo tili ndi ndondomeko. Alowam'malo a phatikizo limodzi, *ka*, *ko*, *mo*, amatsogola, ataliatali amabwera pambuyo. *Kumain ka na ba?* Kodi wadya kale? Koma *Kumain na ba siya?* Kodi wadya kale iyeyo? Mukayamba ndi mawu okana, onse amasamukira kutsogolo: *Pupunta ako*, ndipita, *Hindi ako pupunta*, sindipita, *Hindi pa ako kumakain*, sindinadyebe.

Kukana kuli ndi mawu angati?

Anayi amene muwafuna msanga. *Hindi* ndi "ayi" ndiponso si-. *Wala* ndi "palibe" kapena "ndilibe", wotsutsana ndi *may* ndi *mayroon*. *Huwag* ndi woletsa: *Huwag kang umalis*, usachoke. *Ayaw* ndi kusafuna: *Ayaw ko*, sindikufuna, amene pocheza amafupika kukhala *ayoko*.

Kami ndi tayo onse ndi "ife". Akusiyana pati?

*Tayo* akuphatikiza amene mukulankhula naye, *kami* akumusiya kunja. Mukauza mlendo kuti *Kakain na kami*, mwamuuza kuti ife tikukadya, iwe ayi. *Kakain na tayo* ndiye kumuitanira ku mbale. Ife timakonza zimenezi ndi "tonse" kapena "tiyeni", iwo anaziika mu galamala, ndiye simungazembe kusankha.

*Siya* sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, ngati "iye". Palinso *kita*, mawu amodzi onyamula "ine" wochita ndi "iwe" wochitiridwa, ofanana ndi ndi-ku- wathu: *Mahal kita*, ndimakukonda, *Tutulungan kita*, ndikuthandiza.

Ulemu amausonyeza bwanji?

Apa Mchewa amakhala ngati wafika kwawo. Munthu wamkulu simumuti *ikaw*, mumamuti *kayo*, ndendende ngati "inu". Pofuna kulemekeza kwambiri mlendo amafika pomunena ngati anthu ambiri amene ali apo: *Sino po sila?*, monga timafunsira pakhomo kuti "Kaya ndani?" kapena kulonjera kuti "Ali bwanji?" Pamwamba pa izi pali *po*, kamawu kaulemu kolowa m'chiganizo: *Salamat po*, *Kumain na po ba kayo?* "Inde" waulemu ndi *opo*, wa anzanu ndi *oo*.

Wamkulu kwa inu simumutchula dzina lokha. Mwamuna ndi *kuya*, mkazi ndi *ate*, achimwene ndi achemwali, ngakhale ali wogulitsa pamsika kapena dalaivala. Anzawo a makolo ndi *tito* ndi *tita*, agogo ndi *lolo* ndi *lola*. Pofika pakhomo la eni mumati *Tao po!*, odi wawo, ndipo amakuyankhani *Tuloy po kayo*. Ngati mukukayika, ikani *po*. Kuchulutsa ulemu sikunayambanitsepo anthu.

Bwanji ndikumva Chisipanishi ndi Chingelezi chambiri?

Spain inalamulira zilumba za Philippines kuyambira 1565 mpaka 1898, kenako America mpaka 1946. N'chifukwa chake tebulo ndi *mesa*, mpando ndi *silya*, zenera ndi *bintana*, moni ndi *kumusta*. Nthawi amaitchula m'Chisipanishi, *ala-una*, *alas-dos*, ndipo mitengo ya zinthu imamveka m'Chisipanishi kapena m'Chingelezi. Manambala awoawo, *isa*, *dalawa*, *tatlo*, amawerengera zinthu. Ifenso paja pamsika sititi "makumi asanu".

Kusakaniza ndi Chingelezi, kumene amakutcha Taglish, n'kofala ku Manila. Koma yang'anitsitsani: mawu ndi obwereka, galamala ndi ya Chitagalogi. *Nag-text ako*, *magda-drive siya*, *i-send mo*. N'zomwe timachita ponena kuti "ndamufonera" kapena "ndikuchajitsa". Choncho Taglish sikupulumutsani ku zophatikiza zija, koma amakuthandizani kuziyeserera pa mawu amene mukuwadziwa kale.

Ndiyenera kuphunzira zilembo zakale za baybayin?

Ayi, pokhapokha ngati mwazikonda. Zinkagwiritsidwa ntchito Asipanishi asanafike, ndipo zimapezeka m'buku la chiphunzitso cha Chikhristu limene linasindikizidwa ku Manila mu 1593. Masiku ano amalemba ndi zilembo zathu zomwezi, zokwana 28 kuyambira 1987.

Zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Sukulu yophunzitsa akazembe a America zinenero, Foreign Service Institute, imawerengera maola a m'kalasi pafupifupi 1,100 kuti wolankhula Chingelezi afike pogwira nacho ntchito. Chiwerengerochi si cha ife, koma chikusonyeza kuti si ntchito ya mwezi umodzi.

Yambani ndi ziganizo zopanda mneni, *Pagod ako*, ndatopa. *Nasaan ang susi?*, kiyi ali kuti? Apo mukuzolowera *ang*, *si* ndi alowam'malo. Kenako tengani matsinde ochepa a tsiku ndi tsiku, kudya, kugula, kupita, kupatsa, kutenga, kuona, ndipo lililonse muliyendetse m'mitundu iwiri, wa wochita ndi wa chochitidwa, m'nthawi zonse zitatu. Musachedwetse mtundu wachiwiriwo poganiza kuti ndi wa akatswiri. Ambiri amene amayamba ndi *-um-* ndi *mag-* okha amazolowera kuumba ziganizo zopotoka zimene pambuyo pake zimavuta kuwongola. M'kope lanu tanthauzo muzilemba m'Chichewa, chifukwa "ndaidya", "kaye", "akuti" ndi "kani" zimagwira zimene Chingelezi chimataya. Mukafuna buku lozama lofufuziramo, *Tagalog Reference Grammar* la Paul Schachter ndi Fe Otanes, la 1972, ndi lodalirika, koma si loyambira.

Afilipino amangondiyankha m'Chingelezi. Nditani?

Amatero pofuna kukupeputsirani, sikuti akukukanani. Apempheni mwaulemu kuti: *Mag-Tagalog po tayo, nag-aaral pa po ako*, tiyeni tilankhule Chitagalogi, ndikuphunzirabe. Mukasowa mawu funsani *Ano po ito sa Tagalog?*, ichi m'Chitagalogi n'chiyani, ndipo akathamanga nenani *Pakiulit po*, bwerezaninso chonde. Pemphaninso mnzanu mmodzi kuti azikukonzani pa chinthu chimodzi chokha, *ako* ndi *ko*, mpaka zitakhazikika, kenako musamukire pa cholumikizira *na* ndi *-ng*.